Miyendo ya Dona

3 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kunjako pamodzi ndi nkhalamba za eni ake zomwe mumasamalirazo. Kuno tilipo. Ine ndangofika kumene kuchokera ku ulendo, lole ili kugalaja, akuti mabuleki atha. Mlamu wanu ntchito yamuchulukira, anthu akukwatirana ngati mawa kulibe, moti pabalaza ponse pangoti mbwee nsalu, mlendo amakhala pa mpando wa makina osokera. Bambo akupatsani moni. Akuti muleke kuimba foni nthawi yomwe iwo akugona masana, muzilemba kalata ngati mwana woleredwa bwino, awerenge mofatsa ndi magalasi awo.

Nkhani ndi ya Dona. Mphaka wa malemu mayi uja wavula gogoda. Mukukumbuka mmene ankayendera, monyang'wa, pansonga za zala ngati mkazi wa bwana akulowa mu ofesi ya mwamuna wake. Panopa miyendo yakumbuyo yagwa. Akuponda ndi chidendene chonse, kuyambira kuzala mpaka pamfundo ija yoloza kumbuyo, ngati munthu wabwereka patapata za mnzake. Wakumanzere ndiye wanyanya. Pawindo la kukhitchini paja sakukwerapo, amangoyang'ana m'mwamba n'kubwerera. Kudya akudya kuposa ine, koma msana wangotsala mafupa okhaokha.

Ine ndikuti ndi ukalamba basi. Mphakayu analowa m'nyumba muno ine ndisanamere ndevu. Ndaikamo chithunzi kuti museke nanu.

Mlongo wanu

17 Malichi

Mlongo wanga,

Moni nonse. Kalata ndalandira, chithunzi ndachiona, ndipo sindinaseke. Chosekacho n'chiyani? Iwe chilichonse umachisandutsa nthabwala kuti usachigwire ndi manja.

Ine ndimakhala ndi okalamba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza pabedi, ndimawaveka masokosi. Ukalamba ndimaudziwa, ndipo sugwetsa miyendo mwezi umodzi. Pamene ndinabwera chaka chatha, Dona ankadumphira pamwamba pa filiji. Lero ukundiuza kuti akukwawa, ndiye ndiombe m'manja?

Mayi ali pabedi la kuchipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mphaka wangayo musamutaye." Sananene za mipando, sananene za makabati. Ananena za mphaka. Iwe sunamve chifukwa unali panjira ndi lole yako, monga mwa masiku onse.

Upite naye kwa dokotala wa ziweto sabata ino. Za kumeneko ndilipira ine, usazipange chifukwa. Ndipo undiuze zoona: wagwa penapake? Wina wamupanda? Bwanji mwendo umodzi ndiwo wanyanya? Mwendo suchita kusankha wokha. M'nyumbamo muli anthu atatu, mmodzi adziwe.

Bambo uwauze kuti ndawamva, sindiimbanso masana.

Mchemwali wako

2 Epulo

Achemwali,

Moni. Mwakalipa, ndamva, ndapita. Tinapita ine ndi Bambo, mphaka ali mu basiketi yochapira zovala pamiyendo pawo. Njira yonse ankalira ngati tikukamugulitsa.

Dokotalayo ndi mayi wina wamfupi wosathamanga polankhula. Anamuika pansi kuti ayende, iye atagwada n'kumayang'ana. Kenako anamukweza patebulo lachitsulo, kumutsina zala, kumupinda mawondo, kumusisita msana.

"Mphaka amayendera zala," anatero. "Akayamba kuponda ndi chidendene, pali chomwe chavuta. Musangoti ukalamba."

Ndinafunsa kuti chavutacho n'chiyani. Akuti zilipo zingapo. Akhoza kukhala matenda a shuga, omwe amafooketsa mitsempha ya m'miyendo. Zikhoza kukhala impso, chifukwa zikatopa mchere wina wofunika umachepa m'magazi, minofu n'kulefuka. Ikhoza kukhala nyamakazi, kapena vuto la msana. Kapenanso mtsempha waukulu wa kuchidendene unavulala, mwina pogwa, mwina pomenyedwa ndi chinthu. Ndiye anafunsa ngati mphakayu akumwa madzi kwambiri, ngati akukodza pafupipafupi, ngati akuonda chikhalirecho akudya. Ine ndinayang'ana Bambo poti ndi amene amaswera naye. Bambo anangoti "eya, eya," kenako akuti m'chipindamo mukutentha, n'kutuluka kukakhala pabenchi panja. Amutenga magazi ndi mkodzo, zotsatira zituluka sabata ya mawa.

Za kugwa ine sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mwezi wa Febuluwale Dona anakodzera diresi ya ukwati ya kasitomala, yoyera, itatsala kuika mabatani okha. Mlamu wanu analusa, anamuthamangitsa ndi tsache mpaka kuseri kwa sitovu. Ine ndinaseka mpaka misozi. Diresiyo anachita kuisokanso mbali yonse ya kutsogolo.

Mawa ndinyamuka, ulendo uno ndi wautali, pali malire angapo oti ndiwoloke. Zotsatira akatenga ndi mlamu wanu.

Mlongo wanu

14 Epulo

Alamu,

Moni wa masiku. Ndati ndikulembereni ndekha poti mlongo wanu ali panjira, ndipo akalemba iye theka la nkhani limathera m'phwete.

Zotsatira zatuluka. Dona ali ndi shuga. Impso akuti zatopako pang'ono koma zikugwirabe ntchito, mafupa ali bwino, palibe chothyoka kapena chong'ambika. Dokotala akuti shuga akakhalitsa m'magazi amadya mitsempha ya miyendo yakumbuyo, n'chifukwa chake akuponda chomwechija, ndipo sizachilendo kuti mwendo umodzi utsogole. Ndinafunsa ngati adzaimanso. Akuti ena amaima pakapita miyezi shuga akatsika, ena amangochirako pang'ono. Sanalonjeze.

Tsono m'nyumba muno mwalowa ntchito yatsopano. Jakisoni m'mawa ndi madzulo, atadya kaye. Andiphunzitsa kutsina chikopa cha paphewa n'kubaya. Tsiku loyamba ndinaphonya kawiri, ine amene ndimaswera ndi singano. Botolo la mankhwala likukhala mu filiji, pachitseko, ndalimanga kansalu kofiira kuti wina asalisokoneze. Chakudya chake chasinthanso.

Beseni la mchenga lomwe Dona amadzithandiziramo ndalidula mbali imodzi ndi mpeni wotentha. Ndazindikira kuti ankakodza pansalu zanga chifukwa ankalephera kukwera m'mphepete mwake. Ndinamukalipira chabe, wosauka. Ndamuyalira kabulangete pansi pa tebulo lodulira nsalu, ndipo tsiku lonse amangondiyang'ana ngati kapitawo.

Bambo alipo, koma masiku ano afatsa. Afuna ndiwaphunzitse kubaya, akuti mphaka wa akazi awo sangamabayidwe ndi munthu mmodzi yekha. Mukalemba muwachezeko nkhani zina, asamangomva za mphaka.

Mlamu wanu

16 Epulo

Mlamu,

Kalata ino ndalembera inu, osati mlongo wanga, chifukwa iye akazungulira nkhani amafika nayo kumalire.

Wandiuza za tsache. Wandiuza akuseka, poti iye ndi wotero, koma ine ndawerenga kawiri. Febuluwale munamuthamangitsa ndi tsache, Malichi miyendo yagwa, dokotala akufunsa ngati anamenyedwa ndi chinthu. Ine si mwana.

Si koyamba. Chaka chatha ndinakuonani ndi maso angawa mukumukankha ndi phazi pakhomo la kukhitchini. Ndinakhala chete chifukwa ndinali mlendo wa masabata awiri, sindinafune kuyambitsa phokoso. Ndikanalankhula pomwepo.

Mphakayo munamupeza. Analowa m'nyumbamo inu musanadziwe kuti msewu wathu uli kuti. Pabalaza pomwe mwadzaza nsalupo ndi pamene mayi ankakhala naye pamiyendo madzulo alionse. Chithunzi cha mayi munachisamutsira mukhonde kuti mukolekepo kalilole wa makasitomala anu, sindinanene kanthu. Makatani awo munawachotsa, sindinanene kanthu. Mipando munaiunjika kuchipinda changa. Chatsala cha mayi chomwe chikupuma m'nyumbamo ndi mphaka ameneyo, ndiye mwati naye athyoke msana chifukwa cha diresi ya munthu wapanjira?

Munthu wopanda chisoni ndi chiweto chokalamba, ine sindingamukhulupirire ndi bambo anga okalamba. Ndimaziona kuntchito kuno. Amene amakankha mpando wa wodwala mwaukali ndi yemweyo amatsina pomusambitsa anthu akatuluka. Kodi Bambo akataya tiyi pansalu yanu, mumatani nawo?

Ndikufuna yankho, osati moni.

Mlamu wanu

29 Epulo

Alamu,

Mwati simukufuna moni, ndiye sindikupatsani.

Kalata yanu yafika dzulo. Ndinaitsegula nditangomaliza kumubaya mphaka wanuyo, manja akununkha chakudya chake. Ndinaiwerenga nditaimirira kukhitchini. Kenako ndinakawawerengera Bambo mokweza, mawu ndi mawu, kuti mawa musadzati ndinawonjezera.

Eya, ndinamuthamangitsa ndi tsache. Ndinamenya pansi, tsache silinamukhudze, koma ngakhale ndilumbire simukhulupirira, poti mlandu munaweruza kale muli kutsidya la nyanja. Pakhomo paja ndinamukankha ndi phazi chifukwa ndinanyamula mphika wa madzi owira. Mukanakonda ndimuthire?

Chithunzi cha mayi anachisamutsa ndi Bambo okha. Anati sangamadye akuyang'anizana nacho, chakudya sichitsika. Makatani anadyeka ndi dzuwa, ndinawachapa n'kuwapinda, ali mu sutikesi yanu yomwe. Mukanafunsa.

Koma zonsezo ndikanameza. Chomwe sindimeza ndi funso lanu lomaliza. Bambo anu ndimawachapira, ndimawaphikira, ndimawameta, ndimawawenga zikhadabo. Mayi anu atadwala, amene ankagona pansi pa bedi lawo kuwodi ndine, ndili ndi miyezi yochepa chilowereni m'banja lino. Inu munafika masiku omaliza, n'kugwiridwa dzanja, n'kulandira mawu otsiriza. Ine ndinalandira mabeseni. Sindinadandaule. Lero mukundifunsa ngati ndimawatsina?

Makalata anu onse chaka chino ndi a mphaka. Bambo mumawapatsa mzere umodzi kumapeto, pafupi ndi dzina lanu.

Ndikupita kwa mayi anga. Makina ndanyamula, nsalu ndanyamula, pabalaza panu pabwerera mwakale. Bambo kubaya adziwa. Anandiletsa, anaima pakhomo, koma ndawauza kuti sindingakhale m'nyumba yomwe ndimayesedwa mfiti. Mlongo wanu akabwera akandipeze, kapena asandipeze. Inuyo, poti ukalamba mumaudziwa, bwerani mudzawasamale mwaukatswiri.

Mkazi wa mlongo wanu

30 Epulo

Mlongo wanga,

Ndikulemba mothamanga ndisanalowe ntchito. Kalata ya mkazi wako yonena za shuga yandipeza lero. Inachedwa panjira, sitampu ikuonetsa kuti inazungulira kwina. Ine ndinali nditatumiza kale ina kwa iye, yomwe sindikanalemba ndikanadziwa.

Ngati sinafike, uilande kwa wamtengatenga, uing'ambe osawerenga. Ngati yafika, umuuze kuti ndinalemba ndi zomwe ndinali nazo m'manja. Ndipo zomwe ndinali nazozo unandipatsa ndiwe. Unaika tsache ndi mawu a dokotala mu kalata imodzi, n'kunyamuka osandiuza tsiku lenileni la zotsatira. Ukanakhala ine ukanaganiza chiyani? Foni yako ndaimba, ikungolira m'thengo. Ya mkazi wako akudula.

Undiyankhe msanga.

Mchemwali wako

12 Meyi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ndikhulupirira uli bwino. Ukhululuke zilembo zokhotakhota, maso akuchita nkhungu masiku ano, magalasiwa atha ntchito.

Kalata yako yopita kwa mlongo wako ndaitsegula ine, poti mwini wake sanabwere ndipo nyumba ino ndi yanga. Ukuti aing'ambe inayo. Ang'ambe chiyani? Mawu analowa kale m'makutu mwanga, ndipo makutu sang'ambika. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Iwe phazi lako m'nyumba muno timaliona kamodzi pachaka, koma mlomo wako wafika n'kusamutsa munthu.

Ndakwiya nawe. Ndikufuna udziwe zimenezo bwinobwino, usaganize kuti ndikungodandaula mwaukalamba. Mwana uja, mkazi wa mlongo wako, sanandilakwirepo. Ine ndi amene ndimamuvuta. Ndimakana chakudya chomwe waphika, kenako n'kuchifuna atachotsa. Ndimabisa shuga wa tiyi mu kabati yanga kuti asandiyezere. Iye amangoti, "Bambo inu," n'kupitiriza ntchito. Mayi ako anakuuza kuti musataye mphaka, zoona. Koma anakuuza kuti utaye anthu?

Usadere nkhawa za ine. Ndikudziphikira. Ndasesa pabalaza ndekha, mipando ya mayi ako ndaibwezera m'malo mwake monga unafunira. Tsopano pali malo ambiri, ndipo palibe wokhalapo. Dona ndikumubaya pa nthawi yake, sindinaphonyepo. Amabwera yekha akamva chitseko cha filiji. Tikukhala awiri, timamwa madzi mopikisana.

Usaimbe foni, sindiyankha. Ndikakhululuka ndidzakuuza.

Bambo ako

27 Meyi

Achemwali,

Ndikulemba ndili pabenchi la mukhonde la chipatala, pepala lili pabondo. Moni ndilibe.

Bambo awadula chala chachikulu cha phazi lamanja ndi chotsatira chake. Madokotala akuti tikanachedwa pang'ono likanapita phazi lonse, mwina mpaka m'bondo. Ali ndi shuga, ndipo akuti wakhala nawo nthawi yaitali osadziwika.

Ine ndinatsekeredwa pamalire, mapepala a katundu anasokonekera, foni anandibera pamalo ogona madalaivala. Sindinadziwe kuti mkazi wanga wachoka, sindinadziwe kalikonse. Amene anawapeza ndi mlamu wanu yemwe mumati ndi wankhanzayo. Anabwera masana ena kudzatenga bokosi la mabatani lomwe anaiwala, akuganiza kuti angolowa n'kutuluka. Akuti atangotsegula chitseko anamva fungo. Anawapeza pampando wa mayi, thupi likutentha, phazi limodzi lili mu sokosi. Mphaka ali pambali, mbale yake yotsuka, madzi ake odzaza.

"Bambo, vulani sokosiyo," anawauza.

"Ndikumva kuzizira."

"Kukutentha chonchi? Vulani, apo ayi ndivula ndine."

Sokosiyo inali itamatirira. Anachita kuinyowetsa ndi madzi ofunda. Pansi pa chala panali phini yosokera, italowa mpaka kumutu. Bambo anaiponda tsiku lomwe ankasesa pabalaza opanda nsapato, ndipo sanamve kanthu. Anayenda nayo masiku onsewo. Ataona kuti patupa, anangovala sokosi kuti asamaone.

Dzulo ndinawafunsa kuti bwanji sananene kuti mapazi achita dzanzi.

"Tsiku lija kwa dokotala wa ziweto," anatero, "mayi uja ankafunsa za mphaka, koma ine ndinkayankha za ine. Madzi, kukodza, kuonda. Lamba ndinali nditaboola kale bowo lina."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Mayi ako analowa chipatala chino akuyenda yekha."

Inu mukudziwa mmene anatulukiramo.

Achemwali, ine ndimaseka zinthu, mumanena zoona. Koma kuseka kwanga sikunathamangitsepo munthu. Mkazi wanga akanakhalapo akanaona tsiku lomwelo kuti akutsimphina, chifukwa madzulo alionse ndi iye amawathirira madzi osambitsa mapazi. Inu munakhala kutali n'kuponya mwala, ndipo wagwera pa phazi la Bambo. Panopa mlamu wanuyo ali mkatimo akuwamwetsa phala ndi sipuni, wagona pansi masiku onsewa ngati nthawi ya mayi ija. Ine sakundilankhula, akuti pakamwa panga ndi pomwe panayambira moto. Sindikudziwa ngati ndikadali ndi banja.

Musatumize kanthu. Palibe chomwe chikusowa chogula.

Mlongo wanu

9 Juni

Mlongo wanga, ndi inu mlamu,

Ndalemba kalata imodzi kuti pasakhalenso wonena kuti uyu anamva zina, uyo zina.

Ya pa 27 ndinaiwerengera kuchipinda chosinthira zovala kuntchito. Nditamaliza ndinakalowa kwa agogo ena omwe ndimawasamalira, ndinawavula masokosi n'kuyang'ana pakati pa zala chimodzichimodzi, monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Ndi ntchito yanga imeneyo. Ndimadziwa kuti phazi la munthu wa shuga limaonedwa tsiku ndi tsiku. Chaka chatha ndinaona Bambo akudzuka kukamwa madzi kawirikawiri, ndinangoti ndi kutentha.

Koma iwe mlongo wanga usandisenzetse katundu yense. Unali nawo m'chipinda cha dokotala, unawaona akutuluka thukuta, n'kuganiza kuti ndi nkhani yoseketsa ya mu kalata. Umagona nyumba imodzi ndi munthu amene waboola lamba, osaona. Umachoka mwezi wathunthu osasiya nambala ya munthu wina woti tikupeze. Mwala ndinaponya ine, sindikukana, koma anandipatsira ndiwe, ndipo pamene unkagwa unali kuti?

Mlamu, kwa inu ndilibe chodzitetezera. Ndinalemba zoipa. Funso lija sindinayenera kulifunsa ngakhale mphaka akanapezeka wothyoka. Pepani.

Ndapempha tchuthi cha miyezi itatu. Akana, ndiye ndawauza kuti asankhe, tchuthi kapena apeze wina. Andipatsa. Ndifika pa 6 Julayi. Mundiuze zomwe Bambo akufunika, nsapato zofewa zilipo kuno zabwino. Mundiuzenso ngati Dona akadali moyo, ngakhale ndikuchita manyazi kufunsa.

Mchemwali wako, mlamu wanu

22 Juni

Alamu,

Kalata yanu tinalandira. Mlongo wanu anaiwerenga n'kutuluka panja, anakakhala mu lole yosayenda mpaka chakudya chinazizira. Zanu ndi iye mudzakambirana nokha, ine sindilowamo.

Bambo anatuluka m'chipatala. Bala likuuma bwino, ndikulitsuka ndi kulimanga m'mawa uliwonse monga anandionetsera anamwino. Akuyenda ndi ndodo kuchoka pabedi kufika pabalaza, akutukwana ndodoyo njira yonse. Shuga wa mu kabati yawo ndinamupeza, ndinamutaya iwo akuona, ndipo sanandilankhule tsiku lonse. Mu filiji tsopano muli mabotolo awiri, la kansalu kofiira ndi la Dona, la kansalu kobiriwira ndi la Bambo. Muloweze zimenezi musanafike. Amabayidwa nthawi imodzi, Bambo amaumirira kuti mphaka ayambe, akuti iye ndiye wamkulu pa matendawa.

Dona ali moyo. Mwendo wakumanja wayamba kudzuka, nthawi zina amaponda ndi zala masitepe angapo kenako n'kugwetsanso chidendene. Wakumanzere ukadali pansi. Dokotala akuti tisathamange, mitsempha imachira mochedwa, ndipo mwina sudzabwerera wonse. Wanenepako. Pawindo sakwera, ndamuikira kabokosi kopondapo.

Ndinabwerera m'nyumba muno chifukwa cha Bambo, osati chifukwa cha kalata yanu, ndiponso osati chifukwa cha mlongo wanu, amene akugona pabalaza mpaka ndidzaone. Wapempha maulendo afupi kuntchito kwake. Tiona ngati zikhalitse.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna ndinene ndekha musanadzachinene inu. Phini ija inali yanga. Ndinanyamula makina ndili ndi ukali, bokosi la maphini linagwa, ndinatola mothamanga osayendetsa maginito pansi monga ndimachitira masiku onse. Ndipo ndinasiya munthu wokalamba yekha chifukwa cha mawu a munthu wina. Zimenezo ndimadzuka nazo, sindifuna wondithandiza kuzikumbuka. Mukadzazitchula ngakhale mwa nthabwala, tsiku lomwelo mmodzi wa ife adzatuluka m'nyumba muno, ndipo ulendo uno sindine.

Nsapato bweretsani, zotakasuka kutsogolo, zopanda msoko mkati. Masokosi oyera, kuti bala likatulutsa kanthu tizione msanga. Makina ndawabwezera pabalaza, ndipo akhala pomwepo chifukwa ndi pomwe pali kuwala. Chipinda chanu ndachotsamo katundu, mudzagona pafupi ndi Bambo, khomo lotsegula. Akaitana, wodzuka ndinu. Miyezi itatu imeneyo mapazi awo ndi anu, ine ndili ndi madiresi a anthu omwe ndawakhumudwitsa.

Bambo ndinawauza kuti mukubwera. Anati, "Ndani wamuitana?" Kenako anandituma ndikawagulire lumo latsopano, akuti simungawapeze ndi ndevu ngati wamisala.

"Pepani" wanu ndamuona. Ali pamzere wake bwinobwino, zilembo zokongola. Koma ine chipepeso cha papepala sindilandira. Munanditukwana papepala chifukwa pepala silikuyang'anani m'maso, ndiye simungatsukenso ndi pepala lomwelo.

Mukafika musagogode kutsogolo. Bambo akamva kugogoda amafuna kudzuka okha kukatsegula, ndipo phazilo silinafike pothamangira zitseko. Muzungulire kukhitchini. Mudzandipeza kumeneko, ndipo zomwe mukufuna kundiuzazo mudzanene pomwepo, chikwama chisanatsike paphewa.

Mlamu wanu